Opuma pa Nchito a ku Kabwe Asaiwale Inshuwalansi Popita Kukalima Kwao

Mitambo ikayamba kudera mu mwezi wa November, m'makomboni a Kabwe monga Bwacha ndi Chowa mumaoneka akuluakulu akupopa matayala a magalimoto ao akale. Ambiri mwa iwo ndi aja anathera unyamata wao pa nchito ya njanji kapena mu mgodi wa mtovu, umene unatsekedwa mu caka ca 1994. Nyumba anamanga m'tauni, koma munda uli kwao: ena ku Petauke ndi Katete, ena kutsidya kwa malire ku Mchinji kapena Kasungu, pakuti makolo ao anacokera ku Nyasaland tauniyi ikali kuchedwa Broken Hill. Dzinja lonse amakhala kumudzi, ndipo amabwerera cimanga cili m'matumba.

Ulendowo ndi wautali. Kucokera ku Kabwe kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 140, ndipo pambuyo pake pali mseu wa Great East Road wokhotakhota m'mapiri a ku Luangwa kufikira ku Chipata. Mdala aliyense amadziwa kuyang'ana mafuta ndi madzi asananyamuke. Cimene ambiri amaiwala ndi pepala la inshuwalansi.

Lamulo la dziko lino limati galimoto iliyonse yoyenda pamseu ikhale ndi inshuwalansi ya Third Party. Imeneyi ndiyo yochipa, koma ambiri saimvetsa. Nchito yake ndi kulipira munthu wina amene mwamupweteka, kapena banja lake ngati wamwalira. Galimoto yanu ikaphwanyika, mudzakonza ndi ndalama za m'thumba mwanu. Wofuna kuti yakenso itetezedwe amagula ya Comprehensive, imene mtengo wake ndi wokwera.

Vuto loyamba ndi la masiku. Anthu ambiri amagula inshuwalansi ya miyezi itatu yokha, pamodzi ndi msonkho wa pamseu wa ku RTSA. Wocoka ku Kabwe mu November amapeza kuti pepala lake latha iye ali pakati pa kupalira, ndipo kumudziko kulibe womukumbutsa. Tsiku lopita ndi wodwala ku cipatala, akagunda wa njinga panjira, mlandu wonse umagwera pa penshoni yake. Ndi cinthu canzeru kuwerenga miyezi ya kumunda asanacoke, ndi kulipiriratu yonse.

Vuto laciwiri limayamba pa cipata ca Mwami. Inshuwalansi wamba ya ku Zambia simuteteza munthu akalowa m'Malawi. Cifukwa ca ici maiko a cigawo cino anakhazikitsa khadi lochedwa Yellow Card, limene linayamba kugwira nchito mu 1987 pansi pa bungwe la PTA, lomwe linasanduka COMESA mu 1994. Zambia ndi Malawi onse ali m'pangano limeneli. Khadili amagula konkuno ku kampani ya inshuwalansi, ndipo ngozi ikacitika ku Mchinji kapena ku Lilongwe, a inshuwalansi a m'dzikolo ndiwo amasamalira nkhani ya wopwetekedwayo. Nalonso khadili lili ndi tsiku lothera, ndipo silikonza galimoto ya mwini wake. Opita ku Tete kudzera pa Chanida adziwe kuti Mozambique sali mu COMESA, motero kumeneko amagula inshuwalansi ina polowa.

Koma cimene cimagwetsa ambiri ndi cifundo ca pamudzi. Galimoto ikafika kumudzi imasanduka ya mbumba yonse. Maso a mdala ayamba kucita cidima, usiku saona bwino, ndiye makiyi amapatsa muphwa wake amene anaphunzira kuyendetsa pa thirakitala koma alibe laisensi. Ena amayamba kunyamula anthu ndi feteleza molipiritsa kuti apeze ya mafuta, pamene pa pepala analembetsa kuti galimotoyo ndi ya banja cabe. Kukana mbale n'kovuta, zimenezo palibe wotsutsa. Komabe ngozi ikagwa, kampani imafunsa kuti anali pa ciwongolero ndani ndipo ananyamula ciani, ndipo ikhoza kukana kulipira.

Kale nkhani zimenezi zinali m'manja mwa kampani imodzi ya Boma, Zambia State Insurance Corporation, imene inakhazikitsidwa mu 1968. Tsopano makampani ndi ambiri, ndipo amene amawayang'anira ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority. Wogula aone kuti kampani ili ndi cilolezo ca bungweli, ndipo asagule pepala kwa anyamata oima panja pa ofesi. Auze kalaliki poyera zaka zake, kumene galimoto idzakhala miyezi ya dzinja, ndi dzina la wina aliyense amene adzaigwira, ndipo zonsezi zilembedwe pa pepala asanapereke ndalama.