Wolowa Pansi pa Madzi Ali Yekha Akhale ndi Zida Ziwiriziwiri

Madzi amene anthu a ku Kambuzuma amatunga pa mipope yawo, pa masiku amene mipopeyo yatulutsa madzi, amachokera makamaka ku Lake Chivero, damu lomwe linamangidwa pa mtsinje wa Manyame m'chaka cha 1952 ndipo kale linkatchedwa Lake McIlwaine. Asanafike mu mzinda wa Harare, madziwo amayamba atsukidwa ku Morton Jaffray. M'chigwa chomwecho, mpaka kukafika ku damu la Darwendale, muli minda yothirira imene imapopa madzi mumtsinje ndi m'madamu ang'onoang'ono. Paipi iliyonse yokoka madzi ili ndi kukamwa kwake pansi, ndipo kukamwako kumatsekeka ndi matope, mapulasitiki ndi namasupuni. Zikatero pamafunika munthu woti alowe pansi akatsegule.

Ntchito yotere yachuluka m'maiko onse a chigawo chino kaamba ka ulimi wa nsomba m'makhola oyandama. Kampani ya Lake Harvest inayamba ulimiwu pa Kariba m'chaka cha 1997, ya Yalelo inatsatira ku Siavonga m'chaka cha 2011, ndipo ku Mangochi kuli makhola a Maldeco. Makholawa amafuna anthu olowa pansi kukasoka ukonde ndi kuchotsa nsomba zakufa. Makampani akuluakulu ali ndi magulu ophunzitsidwa bwino. Nkhawa ili pa mlimi wamng'ono kapena kalabu ya ulimi wothirira, yomwe ikapeza silinda imodzi yakale imangofuna mnyamata wodziwa kusambira, kaya wa ku Kambuzuma, ku Rugare kapena ku Mufakose kumene mabanja ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique anakhazikika, n'kumupatsa ganyu yoti alowe yekha. Alangizi ndiwo amaona zimenezi poyamba, motero ayenera kudziwa zoyang'ana.

Lamulo lakale la ntchitoyi n'lakuti anthu azilowa awiriawiri. Mnzake wa munthu ndiye nkhokwe yake ya mpweya wapadera, mpeni wapadera ndi maso apadera. Mnzakeyo akachotsedwa, zonse zimene akananyamula ziyenera kukhala pathupi pa wotsalayo. Ngakhale mabungwe ophunzitsa anthu osambira pansi pa madzi mongosangalala salola zimenezi mwachisawawa. Bungwe la Scuba Diving International, lomwe linayambitsa maphunziro a wolowa yekha m'chaka cha 1999, limalandira munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo amene analowapo kale maulendo 100, ndipo limafuna kuti akhale ndi mpweya wachiwiri woima paokha.

Mawu akuti "woima paokha" ndiwo mutu wa nkhani yonse. Pa silinda pamamangidwa chida chotchedwa regulator, chomwe chimachepetsa mphamvu ya mpweya kuti munthu athe kuupuma. Zida zambiri zimakhala ndi zopumira ziwiri zochokera pa regulator imodzi, ndipo anthu amaganiza kuti chachiwiricho ndi sipeya. Chopumira chachiwiri chinapangidwira kupatsa mnzako mpweya wako. Silinda ikatha, kapena labala yotseka mpweya pakhosi pa silinda ikaphulika, zopumira zonse ziwiri zimauma nthawi imodzi. Sipeya yeniyeni ndi botolo lina laling'ono, lokhala ndi valavu yake, regulator yake ndi geji yake, losalumikizana ndi silinda yaikulu pena paliponse.

Kukula kwa botololo kumafuna masamu pang'ono, ndipo masamuwa mlangizi aliyense akhoza kuwachita pa pepala. Pa mamita 10 alionse opita pansi, mphamvu yopanikiza thupi imawonjezeka ndi muyezo wofanana ndi wa mpweya wa kumtunda. Choncho pa mamita 10 munthu amatha mpweya kawiri kuposa kumtunda, ndipo pa mamita 20 amautha katatu. Munthu wogwira ntchito modekha amapuma malita 20 kapena 25 pa mphindi ali kumtunda, koma wogwidwa ndi mantha amafika malita 40 mosavuta. Botolo la malita 3 lodzazidwa kufika 200 bar limasunga malita 600. Munthu wamantha pa mamita 20 amatha malita 120 pa mphindi. Akataya mphindi ziwiri akudzimasula ku chimene chamukola, malita 240 apita. Kukwera pang'onopang'ono, mamita 9 pa mphindi, kufika pa mamita 5 kumatenga malita pafupifupi 150, ndipo kuima pamenepo mphindi zitatu monga mwa lamulo kumatenganso 180. Pofika pamwamba botolo limakhala litatsala pang'ono kuuma. Ndiye kuti malita 3 ndiwo malire otsikitsitsa pa kuya kumeneko. Timabotolo tina togulitsidwa ngati zida zopulumukira, tosunga malita pafupifupi 85, sitikwana ndi mphindi imodzi yomwe pa mamita 20. Timaoneka bwino pa lamba basi.

Mpweya wa m'botolo lapaderali suwerengedwa pokonza ntchito. Ntchito ikonzedwe pa silinda yaikulu yokha, motsata lamulo lomwe olowa m'mapanga a madzi monga a ku Chinhoyi amagwiritsa ntchito: silinda igawidwe patatu, gawo loyamba lopitira ndi kugwirira ntchito, lachiwiri lobwererera, lachitatu losakhudza. Pa silinda ya malita 12 yodzazidwa kufika 200 bar, yomwe imasunga malita 2,400, munthu ayenera kufika pamwamba geji ikuonetsa pafupifupi 70 bar.

Pa nyanja ya Malawi pali njira ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene Stuart Grant anayamba kutumiza mbuna kunja kuchokera ku Salima, ogwira nsombazi akhala akupuma mpweya wochokera ku kompresa ya m'boti kudzera m'paipi yaitali. Njira yomweyi ndiyo imakopa alimi chifukwa ndi yotsika mtengo. Koma injini ikazima kapena paipi ikapindika, mpweya umaleka popanda chenjezo, ndipo munthu akathamangira pamwamba atagwira mpweya m'chifuwa mapapo ake akhoza kung'ambika ngakhale pa mamita ochepa. Wopumira pa kompresa akufunika botolo lapadera kuposa wina aliyense. Polowera mpweya wa kompresa pazikhalanso kutali ndi utsi wa injini, cha kumene kukuchokera mphepo, popeza utsiwo uli ndi mpweya wa poizoni wopanda fungo umene umakomola munthu asanazindikire.

Chachiwiri pambuyo pa mpweya ndi chodulira. M'madamu ndi m'nyanja za chigawo chino muli matchera a nayiloni otayika, ulusi wa mbedza ndi mitengo yomira. Madzi a Chivero ndi obiriwira chifukwa cha zonyansa zochokera mu mzinda, moti mu December 2024 ndere zapoizoni zinapha zipembere zinayi za m'mbali mwa damuli ndipo usodzi unaimitsidwa. M'madzi otero munthu saona ukonde mpaka utamukulunga. Mpeni umodzi waukulu womangidwa pa mwendo, umene anyamata amaukonda, suthandiza ngati mwendowo kapena dzanja lofikako ndilo lakodwa. Pafunika zodulira ziwiri pa malo awiri: mpeni waung'ono pachifuwa, ndi sizasi yolimba m'chiuno, chilichonse pamalo poti dzanja lililonse lifikepo. Ulusi wa nayiloni umaterereka pa mpeni koma suvuta ndi sizasi.

Zotsalazo n'zosavuta. Magalasi a kumaso achiwiri akhale m'thumba, chifukwa lamba wa oyambawo akaduka munthu sangawerenge geji. Tochi zikhale ziwiri. Choonetsa kuya ndi wotchi zikhalepo ngakhale munthu ali ndi kompyuta ya pamkono, pakuti batire silichenjeza. Apa pali mfundo ina imene amalonda a zida zochokera ku nyanja zamchere satchula: matebulo owerengera nthawi yokhala pansi anakonzedwera malo osapitirira mamita 300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Kariba ndi nyanja ya Malawi zili pafupi ndi mamita 500, ndipo Harare ali pafupi ndi mamita 1,500. Nthawi iyenera kufupikitsidwa molingana ndi malo, ndipo wolowa m'madzi pa Kariba asakwere basi yopita ku Harare tsiku lomwelo.

Chida chapadera chimene sichinayesedwe sichisiyana ndi tayala la sipeya lopanda mpweya. Asanalowe, munthu atsegule valavu ya botolo laling'ono, apumepo kangapo akuyang'ana geji, kenaka ayesere kusintha chopumira ali m'madzi osaya atatsinzina, kufikira manja atazolowera okha.

Pali ngozi imodzi imene zida ziwiriziwiri sizingaletse, ndipo ndiyo yoopsa kwambiri pa ulimi wothirira. Madzi akamayenda kulowa m'paipi kapena m'chipata cha damu, amakoka chilichonse chofika pakamwa pake. Pa paipi ya masentimita 30 yomwe ili mamita 5 pansi, mbali inayo ili yotsegula, mphamvu yokanikiza munthu pakamwapo imafika makilogalamu pafupifupi 350. Palibe munthu angadzichotsepo, ngakhale anthu angapo atakoka chingwe. Choipitsitsa n'chakuti paipi yotsekeka ndi zinyalala imaoneka yabata, ndipo kukoka kumayamba pa mphindi yomwe wolowayo wachotsa zinyalalazo. Pampu izimitsidwe, valavu itsekedwe ndi loko, ndipo kiyi akhale ndi wolowa m'madziyo mwiniwake.

Kumtunda kukhale munthu wogwira chingwe chomangidwa pathupi pa wolowayo, amene agwirizana naye zizindikiro za kukoka ndi mphindi yeniyeni yotulukira. Munthuyu asapatsidwe ntchito ina iliyonse. Iye ndiye woyang'anira ng'ona ndi mabwato, ndipo m'thumba mwake mukhale nambala ya chipatala chapafupi pamodzi ndi ya apolisi, omwe ku Zimbabwe ali ndi nthambi ya osambira pansi pa madzi yotchedwa Sub-Aqua Unit. Mlangizi akafika pa damu n'kupeza silinda imodzi, mpeni umodzi ndi pampu ikulira, auze mwini munda kuti ntchito idikire, ndipo kalabu iwerengere mtengo wa botolo lachiwiri pamodzi ndi wa dizilo pokonza ndondomeko ya chaka.