MANDIMU NDI VINIGA ZINGATHE KUTENTHA KHUNGU

Pa Boma la Mzimba ndi m'midzi ya ku Jenda, Champhira ndi Embangweni alipo amayi ndi atsikana ena amene amadzikonzera okha mankhwala osupula khungu la kunkhope. Amafinya mandimu, ena nathirako viniga ndi shuga, ndi kudzola pofuna kuchotsa ziphuphu ndi mawanga. Chimene chimasupula khungulo ndi asidi, ndipo asidi akachuluka amatentha ngati moto.

Muyeso wa asidi

Mphamvu ya asidi imayesedwa ndi muyeso wotchedwa pH, umene anauyambitsa katswiri wa ku Denmark, Sørensen, m'chaka cha 1909. Muyesowu umayambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi oyera ali pa 7. Khungu la munthu wamoyo wabwino lili pafupi ndi 5, ndipo kuwawasa pang'ono kumeneku ndiko kumaliteteza ku tizilombo. Madzi a mandimu ali pakati pa 2 ndi 3. Nambala ikatsika ndi imodzi, ndiye kuti mphamvu ya asidi yakula kakhumi. Choncho mandimu amaposa khungu kambirimbiri. Akatswiri a ku America amalangiza kuti mafuta osupula khungu ogulitsidwa m'sitolo asatsike kupitirira pa 3.5.

Chifukwa chake nkovuta kukonza pakhomo

Lilime silingayese asidi, ndipo ndimu lina limawawasa kuposa linzake. Kusungunula ndi madzi kumathandiza pang'ono chabe: ngakhale atathira makapu 10 a madzi pa kapu imodzi ya mandimu, asidi amakhalabe woposa wa khungu. Ena amathira soda kapena chidulo kuti aphe asidiyo. Koma chidulo chikachuluka chimapitirira pa 10, ndipo nachonso chimadya khungu.

Ngozi ina ndi dzuwa. Munthu akadzola mandimu napita kumunda, makamaka mwezi wa Okutobala, khungu lingathe kutuluka matuza. Pa khungu lakuda malo opsawo akapola amasiya mawanga akuda koposa aja amafuna kuchotsa, ndipo amatenga miyezi kuti azimiririke.

Zoyenera kuchita

1. Mandimu ndi viniga zisadzoledwe kumaso, pabala, kapena pa khungu la mwana.
2. Mankhwala apakhomo asasakanizidwe ndi mafuta oyeretsa khungu. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola m'chaka cha 1990 chifukwa amadetsa ndi kuwononga khungu.
3. Wopsa atsuke malowo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20. Asapakepo soda, phulusa kapena mafuta ophikira.
4. Pakatuluka matuza kapena mafinya, kapena asidi akalowa m'diso, apite msanga kuchipatala chapafupi, chipatala cha Boma pa Mzimba kapena cha Embangweni.

Wovutika ndi ziphuphu asambe ndi sopo wosalusa kawiri pa tsiku, asazifinye, ndipo akaonane ndi a chipatala. Nkhope ikapsa ilibe chigamba. Kupewa kumaposa kuchiza.