Garu wa Mcikumbi ndi Malipiro Ace

Acikumbi anzathu a ku Mponela ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, powerenga zothandiza pa ulimi mumachula khasu, nkhwangwa ndi ngolo. Musaiwale garu. Ndiye alonda cigafa ca fodya inu muli m'tulo, napitikitsa anyani ndi nguluwe m'minda yoyandikana ndi nkhalango ya Ntchisi. Akuru anati garu wamkota sakandira pacabe. Tsono wanchito ali yense ayenera kulandira malipiro ace.

Malipiro oyamba ndiwo cakudya. Mupatseni nsima ya mgaiwa kapena phala la gaga, pamodzi ndi mitu ya usipa, ndi madzi oyera masiku onse. Kumbukirani izi makamaka m'miyezi ya njala, January ndi February. Garu womanidwa ayamba kuba mazira, kugwira nkhuku ndi kugwetsa cimanga caciwisi m'minda ya eni, ndipo mlandu wace ufika kwa mfumu.

Malipiro aciwiri, oposa onse, ndiwo katemera wa ciwewe. Nthendayi ikhala m'malovu a nyama yodwala, nilowa m'thupi pa bala la mano. Pa dziko lonse ipha anthu ngati 59,000 caka ndi caka, ndipo pafupifupi onsewo alumidwa ndi agaru. Pitani ndi mwana wa garu kwa alangizi a ziweto akakwana miyezi 3, ndi kubwereza caka ciri conse. Agaru 7 mwa agaru 10 akabayidwa, ciwewe cileka kufala m'mudzi. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agaru oposa 35,000 m'mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha.

Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo muthamangire naye ku cipatala, kaya ca Mponela, Mtengowanthenga kapena Dowa. Jekeseni wace, amene Louis Pasteur anayamba kupulumutsa naye anthu ku France mu 1885, athandiza pokhapokha zizindikiro zisanaoneke. Wodwala akayamba kuopa madzi, mankhwala palibenso. Garu wolumayo mum'mange masiku 10 ndi kudziwitsa alangizi msanga.

Cotero tikupemphani, musatenge agaru ambiri koposa amene mungathe kuwadyetsa ndi kuwabayitsa. Mmodzi wokhuta ndi wotemera asunga mudzi. Asanu oonda auonetsa maliro.