Kujambula chigwa cha Mecanhelas ndi kamera yozungulira diso

Dziko la Mecanhelas, kumwera kwa chigawo cha Niassa, ndi lotambasuka. Ukachoka ku Insaca kulowera kumalire a Malawi umangoona madambo, minda ya mpunga ndi nyanja zosaya za Chilwa ndi Chiuta. Kamera wamba imangobenthulako kachidutswa ka malo oterewa. Koma alipo makamera a filimu amene diso lake limayenda kuchokera mbali ina kufika ina, kwinaku kuwala kukulowa pakampata kopyapyala n'kumagwera pafilimu yopindidwa ngati uta. Horizont ya fakitale ya Krasnogorsk ku Russia, yomwe inatuluka mu 1967, imaona madigiri 120. Widelux ya kampani ya Panon ku Japan, yomwe katswiri wa mafilimu Jeff Bridges amaikonda, imaposa pamenepo pang'ono. Makamerawa akuyenera dziko lino, koma dziko lomweli silibisa cholakwa cha wojambula.

Chifukwa chake ndi mzere umene madzi amakumanirana ndi thambo. Kamerayi ikangowerama pang'ono, mzerewo umatukuka pakati; ikayang'ana kumwamba, umalowa pansi pakati n'kukwera m'mbali. Kumapiri a Zomba kupindikaku kumabisala, koma pagombe la Chiuta aliyense amakuona. N'chifukwa chake chipangizo choyamba kuchisamala ndi kalevulo kamene opanga anaika pamwamba pa kamera, kofanana ndi levulo ya amisiri omanga nyumba. Kathovu kasanakhale pakati, osadina. Choimikira cha miyendo itatu chimathandiza, ngakhale m'matope a padooko chimatitimira mwendo umodzi, ndiye kalevulo kayang'anidwenso kamera itakhazikika kale. Wojambulira pamanja amangirire chigwiriro pansi pa kamera, poti diso limafika m'mbali mwenimweni ndipo zala zogwira mwachizolowezi zimatuluka pachithunzi. Ngakhale zonse zili bwino, chinthu chowongoka chimene chadutsa mopingasa chimapindikabe. Njanji ya ku Nacala ukaijambula utaima pambali pake pa Entre Lagos imaoneka yokhota, ndipo sitima ya malasha a ku Moatize imatalika kapena kufupika malinga n'kuti ikulowera kumene diso likupita kapena ikukumana nalo.

Dzuwa ndi vuto lina. Chithunzi chonse chimajambulidwa ndi muyezo umodzi wa kuwala, pamene thambo la madigiri 120 limakhala lowala mbali ina, lakuda mbali ina. Kuika dzuwa kumbuyo kumachepetsa vutoli, bola mthunzi wa wojambula usagwere kutsogolo. Diso la makamerawa silisinthidwa kuti lione pafupi, choncho wofuna kuti dengu la matemba lili pafupi naye lioneke bwino pamodzi ndi mabwato a kutali achepetse bowo la kuwala kufika pa 11 kapena 16. Fulashi ndi yopanda ntchito pano, chifukwa imathwanima diso lili pamalo amodzi. Mdani woopsa ndi fumbi la m'chilimwe: likalowa m'magiya diso limayenda modukiza, chithunzi n'kutuluka ndi mikwingwirima yoimirira. Thumba lotseka bwino ndi kabulashi kofewa zimapulumutsa kamera kuposa zodula zambiri.

Wina anganene kuti foni imachita zomwezi popanda chipsinjo. Pamalo opanda choyenda, iye akunena zoona. Koma foni imalumikiza zidutswa dzanja likuyenda pang'onopang'ono, ndipo pamsika wa nsomba anthu amatuluka oduka mikono kapena a mitu iwiri. Diso la Horizont pa liwiro lalikulu limamaliza ulendo wake sekondi isanathe, ndipo limayenda ndi sipuling'i, osati batire (kamera ina yotere, Noblex ya ku Dresden, ndiyo imafuna mabatire). Nkhawa yomveka kwambiri ndi ya filimu, yomwe iyenera kuitanitsidwa kutali n'kukatsukitsidwanso kutali, pomwe mpukutu wa zithunzi 36 umangopereka 21 kapena 22. Mtengowo ndi wolemera ndithu, koma nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, ndipo negetivi yoonetsa gombe lonse pamalo odziwika ikhoza kuyerekezedwa ndi ina patapita zaka makumi angapo, foni yomwe inajambula tsiku lomwelo itatayika kale. Potumiza filimuyo, wotsuka auzidwe kuti asaidule, chifukwa chithunzi chilichonse n'chotalika pafupifupi mamilimita 58 m'malo mwa 36, ndipo makina ozolowera muyezo wamba amachidula pakati.