Mabuku a pa tchuthi cha Disembala

Sukulu zikatsekera mu Disembala, ana ambiri a ku Milange amakhalira kumunda. Zowerenga zimene amaziona ndi Baibulo, buku la nyimbo ndi mauthenga a pafoni basi. Pofika Febuluwale ena amabwerera m'kalasi akuwerenga modukizadukiza.

N'chifukwa chake mphunzitsi ayenera kubwereka ana mabuku, a Chinyanja ndi a Chipwitikizi omwe. Aang'ono angayambe ndi miyambi ya mu Nzeru za Kale, buku la Stevenson Kumakanga. Okulirapo awerenge Nthondo la Samuel Nthara, la mu 1933, kenako Nós Matámos o Cão-Tinhoso la Luís Bernardo Honwana, la mu 1964.

Mabuku a masiku ano a ku Malawi amalemba "ch" pamene a ku Mozambique amalemba "c". Ana auzidwiretu zimenezi sukulu isanatsekere.