Kodi mumadziwa? Maonekedwe a mapiri amaulula ming'alu ya pansi pa nthaka

Akatswiri a sayansi ya miyala amatha kuzindikira malo amene chigoba cha dziko lapansi, chomwe ndi gawo lolimba la miyala lakunja kwenikweni, chinang'ambika pofufuza kukwera ndi kutsetsereka kwa mtunda. Mu February 2000, chombo cha mumlengalenga cha Endeavour chinayeza kukwera kwa pafupifupi 80 peresenti ya mtunda wa padziko lonse m'masiku 11 pogwiritsa ntchito radar, ndipo mapu amene anatuluka amaonetsa mizere yowongoka ya zigwa ndi maphompho, imene kawirikawiri imatsata ming'alu ya m'miyala.

Nyanja ya Malawi, yomwe kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700, ili m'chigwa chimene chinapangika chifukwa chigoba cha kum'mawa kwa Africa chikukokeka ndi kutanuka mamilimita ochepa chaka chilichonse. Mbali imodzi ya mng'alu ikatitimira, inayo imatukuka, ndipo umu ndi mmene mapiri a Livingstone a ku Tanzania anaimira motsetsereka m'mphepete mwa nyanjayi.

Mng'alu wa Bilila-Mtakataka, womwe uli kumwera chakumadzulo kwa nyanjayi, ndi wautali makilomita oposa 100, ndipo akatswiri amaona kutalika kotereku ngati umboni wakuti miyala ya m'derali ndi yozizira ndiponso yolimba mpaka pansi kwambiri. Mogwirizana ndi zimenezi, chivomezi chimene chinagwedeza Salima mu March 1989 chinayambira pa kuya kwa makilomita pafupifupi 30.