Anamwino a ku China Adavina Mliri Uli Mkati

Kumayambiriro kwa 2020, munthu ukaona namwino wa ku Wuhan akutuluka m'wodi unkagwidwa chisoni. Nkhope ili zipsera zokhazokha chifukwa cha masiki, tsitsi atameta, ena atavala matewera kuti asavule chovala chodzitetezera, poti zovalazo zinali zosowa. Ofufuza atafunsa madokotala ndi anamwino 1,257 m'zipatala 34 za ku China, adapeza kuti theka la iwo linali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, ndipo anamwino ndiwo adali pamoto kwambiri.

Ku Changsha, mzinda wina wa ku China, chipatala cha Second Xiangya chidafulumira kukonza maphunziro a pa intaneti ndi nambala ya foni yoimbira alangizi a za maganizo. Anamwino ena adakana. Ankapsa mtima msanga, kupuma osafuna, koma ukawafunsa ankati alibe vuto. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti akuluakulu sadaumirire zawo. Adakhala pansi ndi ogwira ntchito 13 n'kumvetsera. Ambiri ankafuna tulo topanda wowadzutsa, zodzitetezera zokwanira, komanso kuti abale kunyumba asamade nkhawa. Basi chipatala chidatembenuka: malo ogona adapezeka, chakudya chidayamba kufika, ogwira ntchito adathandizidwa kujambula makanema otumizira mabanja awo, alangizi nawo n'kumapita okha kumalo opumulirako kukamva zakukhosi.

Nanga ku Wuhan komweko! Mu Febuluwale, m'mabwalo a masewera amene adasandutsidwa zipatala zongoyembekezera, zotchedwa fangcang, anamwino adayamba kutsogolera odwala kuvina gule uja amavina amayi achikulire madzulo m'mabwalo a m'tauni. Atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, dzina atalilemba kumsana ndi cholembera kuti azizindikirana, manja m'mwamba, mwendo uku mwendo uko, odwala akutsatira pambuyo. Makanema ake adafika dziko lonse lapansi.

Mantha anali asanathe, kutopa kunalipobe. Steven Hayes, katswiri wa za maganizo wa ku America amene adayambitsa chithandizo chotchedwa ACT, amaphunzitsa zomwezi: kuti munthu asathere mphamvu kulimbana ndi mantha, awavomereze kuti alipo, n'kupitiriza kuchita chimene amachiona chofunika. Anamwino aja ankachita zimenezi ndi miyendo yawo, thukuta lili kamukamu m'kati mwa zovala.

Pofika pa 10 Malichi, zipatala zongoyembekezera zonse 16 za ku Wuhan zinali zitatsekedwa, ndipo pa 8 Epulo mzindawo udatsegulidwa patatha masiku 76 uli wotsekedwa.